Yankho: Kodi Seydou Keita anali wongokhala pa benchi ku Barcelona?

Achimwene, mwafunsa ngati Seydou Keita, wosewera mpira wa ku Mali, anangodyera pa luso la anzake ku Barcelona. Sindikugwirizana nanu, ngakhale n'zoona kuti nthawi zambiri Xavi, Iniesta ndi Busquets ndiwo ankayamba pakati.

Keita, yemwe anabadwira ku Bamako m'chaka cha 1980, anali atadziwika kale asanafike ku Barcelona. Mu 1999, pa mpikisano wa dziko lonse wa anyamata osapitirira zaka 20 womwe unachitikira ku Nigeria, iye anasankhidwa kukhala wosewera wopambana onse, ndipo Mali inatha pa nambala yachitatu. Anakhwimira ku timu ya Lens ya ku France, kenako anasewera chaka chimodzi ku Sevilla ya ku Spain, ndipo mu 2008 Barcelona inamugula. Pa zaka zinayi zimene anakhala kumeneko anapambana chikho cha La Liga katatu ndiponso cha Champions League kawiri, mu 2009 ndi 2011, ndipo mphunzitsi wa timuyo, Pep Guardiola, ankamudalira chifukwa ankagwira ntchito iliyonse imene wapatsidwa mosanyinyirika.

Koma kwa ine, mtima wake unaonekera bwino atavala yunifomu ya dziko lake, lomwe analisewerera masewero oposa 100. Mu 2012, atagoletsa penate yomwe inatulutsa Gabon mu mpikisano wa Africa Cup of Nations, analankhula misozi ili m'maso, kupempha kuti nkhondo ya kumpoto kwa Mali ithe. Chaka chotsatira, mu mpikisano womwewo ku Durban, anagoletsa ndi mutu chigoli chofananitsa mphamvu ndi South Africa, ndipo zaka zonse ziwirizo Mali inatha pa nambala yachitatu.