Minsi iwiri mumtondo umodzi, bwanji siigundana?

Mayi wina wa ku Dedza wandilembera imelo. Akuti ali mwana ankaona agogo ake ndi anzawo akukonola chimanga mumtondo umodzi, munsi uwu ukutsika uwo ukukwera, osagundana. Lero akayesa ndi mwana wake, minsi imangomenyana. Funso lake n'lakuti: agogo ankatha bwanji?

Mayi, agogo anu sankadikira kumva kuti munsi wa anzawo wagunda. Akanatero bwenzi akuchedwa nthawi zonse, poti khutu likamva, pamadutsa kanthawi mkono usananyamuke. Thupi lawo linkadziwiratu pamene kugunda kotsatira kufikire. Akatswiri akhala akuyesa izi kwa zaka zoposa 100. Amauza munthu kuti azigogoda patebulo motsatira kachipangizo kolira mobwerezabwereza pa mipata yofanana, ndipo chala cha anthu ambiri chimafika patebulo kulirako kusanamveke, ndi kachigawo kochepetsetsa ka sekondi. Ubongo umatsogola, mkono n'kutsatira.

Koma chimene chimandikhudza mtima ndi kulolerana. Ndinakhalapo pansi pafupi ndi mtondo, gaga akundiwazikira kumapazi, maso ali pa mapewa a amayi awiri. Wina akachedwa pang'ono, mnzake amaugwira munsi m'mwamba kamphindi kosaoneka n'komwe. Wochedwayo naye amafulumirako. Palibe wolamula. Aliyense akukonza kulakwa kwa mnzake pa kugunda kulikonse, osadziwa kuti akutero.

Ngakhale ana ali nalo luso logwirizanali. Mu 2009, ku Germany, akatswiri Sebastian Kirschner ndi Michael Tomasello anapeza kuti ana a zaka ziwiri ndi theka amagwirizana bwino ndi ng'oma ikamaimbidwa ndi munthu kusiyana n'kuimbidwa ndi makina. Ndipo nthawi zina zimatigwira tisakufuna: mlatho wa Millennium ku London utatsegulidwa mu 2000, unayamba kugwedezeka, anthu n'kumaponda mogwirizana nawo poopa kugwa, kugwedezekako n'kumakula. Anautseka patangotha masiku awiri.

Tsono nyimbo zapamtondo zija musaziyese zongochotsera kutopa, kapena zongodandaulira za m'banja. Nyimboyo ndi imene imauza onse awiri pofikira munsi, ndi popumira.

Ndikuganiza kuti mwana wanu akuyang'anitsitsa munsi wanu, akuopa kugundana, ndiye akudikira. Muyambe nokha pang'onopang'ono, muimbe nyimbo imene agogo ankaimba, iye aziwomba m'manja m'mipata. Manja akazolowera, mum'patse munsi wopepukirapo.