Mpando wa m'ndege: kuyankha azakhali

Azakhali mwaswera? Ndaona funso lanu pagulupu, loti Loweruka mukamakwera ndege pa Chileka kupita ku Joni mukhale mpando uti woti kutachitika ngozi mupulumuke. Ndangoti ndijambule mawu, kulemba kuchedwetsa.

Za mpando nambala 11A zimene atumiza amalumezo n'zoona. Ku Ahmedabad, ku India, ndege itagwa mu 2025, mwa anthu 242 anapulumuka mmodzi yekha, ndipo anakhala pamenepo. Koma musawonjezere ndalama chifukwa cha nambala ayi. Ndege ina imathyoka kumutu, ina kumchira, palibe amadziwiratu.

Chimapweteka munthu n'kuima kwadzidzidzi kuja, ndege yaima koma thupi likupitabe. Mipando ya ndege za masiku ano amaiyesa kuti isazuke ngakhale munthu atakankhidwa ndi mphamvu yoposa kulemera kwake ka 16, amati 16g. Yakale inkalekera pa 9g. Ndiye taganizani mdzukulu wanuyo, makilo 10, mwamufukata pamiyendo. Pa 16g ndi makilo 160, matumba atatu a chimanga n'kupitirira. Manja a ndani angagwire? Mukangolowa mupemphe kalamba ka mwana, ndege zambiri amapereka.

Lamba wanuyo akhale m'munsi, pa mafupa a chiuno, wothina ndithu. Osati pamimba, azakhali, ndikudziwa mumakonda kumasula mukadya. Lamba wolendewera munthu amaseserekera pansi pake, lambayo n'kufinya zam'mimba. Ku San Francisco mu 2013 ndege ya Asiana inamenya khoma potera, munali anthu 307, anafa atatu. Awiri mwa iwo sanamange lamba, anaponyedwa kunja.

Eya, china ndi kuwerama kuja amasonyeza pa kapepala ka m'thumba la mpando, anthu amangokapizira mphepo. Ku Kegworth, ku England, mu 1989 anafa anthu 47, ndipo ambiri opulumuka anathyoka miyendo, mapazi anauluka n'kukamenya pansi pa mpando wakutsogolo. Chichokereni pamenepo amati mapazi muponde pansi, muwabweze kumbuyo pang'ono kwa mawondo, mutu muugunditsiretu kumpando wakutsogolo, manja pamutu. Mwendo ukathyoka simungathawe, ndiye utsi umamalizitsa.

Mukakhala pansi muwerenge mizere ya mipando kukafika pa khomo lapafupi, muyang'anenso kumbuyo. Mu utsi simuona kanthu, mumangopapasa. Ndege amaiyesa kuti anthu onse atuluke m'masekondi 90 theka la makomo lili lotseka, ndiye sekondi iliyonse ndi ya munthu wina ali kumbuyo kwanu. Ku Haneda, ku Japan, mu 2024 ndege inayaka yonse koma anthu 379 anatuluka amoyo, katundu anamusiya.

Ndiye chikwama cha usipa ndi chambiko mukutengera asisi chija, zikavuta chitsale momwemo. Inu mungonyamula mwana basi. Nsapato muvale zafulati.