Kodi n'kulakwa kukondwera ndi munthu wobwezera mufilimu?

Funso: A Mkonzi, posachedwa ndinaonera filimu yakale ya Death Wish, ndipo nthawi iliyonse Charles Bronson akawombera mbava, mtima wanga unkachita kuti myaa. Itatha ndinagwidwa ndi manyazi, popeza ndine munthu wopemphera. Kodi zimenezi zikusonyeza kuti ndili ndi mtima wankhanza? Ndine mayi wa ku Zomba.

Yankho: Mayi, musafulumire kudziimba mlandu, chifukwa filimuyi, yomwe Michael Winner anaitsogolera mu 1974, inakonzedwa dala kuti ikukokereni kumeneko. Imayamba yationetsa Paul Kersey (mbali imene Charles Bronson anasewera), wojambula mapulani a nyumba wa ku New York, akusangalala ndi mkazi wake ku Hawaii, kenako timaona ndi maso athu achifwamba atatu akulowa m'nyumba mwake, kumenya mayiyo mpaka kukamwalira kuchipatala, ndi kugwirira mwana wake wamkazi. Chisoni cha banjali timachimva ngati chathu. Koma anthu amene Kersey amawapha sitiuzidwa kwawo, sitiona amayi awo, ndipo maliro awo sitikhala nawo, choncho imfa zawo sizitilasa mtima.

Manyazi anuwo, komabe, ali ndi maziko, ndipo ine ndimawalemekeza kuposa chisangalalo chija. Kodi munazindikira kuti Kersey sakumananso ndi atatu amene anaononga banja lake? Iye amayendayenda usiku m'misewu ndi m'sitima zapansi pa nthaka, nthawi zina akuonetsa ndalama ngati nyambo, n'kumapha aliyense womuchita chiwembu. Anthuwo ndi olakwa ndithu, koma ngongole imene akulipira ndi ya ena, monga zimakhalira gulu likagwira woganiziridwa kuba pamsika, aliyense n'kumam'menyera katundu amene anaberedwa chaka chatha ndi munthu wina.

Ngakhale Brian Garfield, yemwe analemba mu 1972 buku limene filimuyi inachokera, anaipidwa nayo poona kuti yasandutsa ngwazi munthu amene iye anamulemba ngati wosokonekera maganizo. Apolisi a mufilimuyi nawonso sachita zoongoka: atamudziwa sam'tengera kukhoti, amangomuuza kuti achoke mumzindamo, poopa kuti anthu angamutame n'kuyamba kumutsanzira. Mukadzaioneranso, mudzayang'anitsitse nkhope yake pomaliza penipeni, atangofika ku Chicago, pamene akuloza anyamata achipongwe ndi zala ngati mfuti, uku akumwetulira, osati ngati wamasiye koma ngati mlenje amene wapeza dambo latsopano.