Andipatsa uhedi popanda kundiphunzitsa, ndiyambire pati?

Mwezi uno tsamba la mafunso a owerenga lalandira makalata atatu ochokera m'boma la Zomba, ndipo onse akukhudza utsogoleri wa pasukulu. Akuyankha ndi mlangizi wathu wa zamaphunziro, amene anakhalapo mphunzitsi wamkulu kwa zaka zambiri asanapume pantchito.

FUNSO: Alangizi, ndine mayi, mphunzitsi pasukulu ina ya pulayimale kufupi ndi nyanja ya Chilwa. Ndaphunzitsa kwa zaka 14, zambiri mwa izo ku Sitandade 3 ndi 4. Ahedi athu atapuma pantchito teremu yathayi, ine ndinauzidwa kuti ndigwirizire udindowo. Anandisiyira makiyi a ofesi, chidindo cha sukulu ndi mulu wa mabuku, koma palibe anandikhazika pansi kundiuza kuti ntchitoyi imayenda motani. Aphunzitsi awiri aamuna amene anayamba ntchito ine ndisanayambe amafika mochedwa, ndipo ndikawalankhula amangoseka. A komiti nawo akundifunsa za ndalama zomwe sindinazionepo. Tulo sindikuona. Ndiyambire pati? (Mphunzitsi wa kunyanja)

YANKHO: Amayi, zikomo chifukwa cholemba mosabisa mawu. Vuto mwafotokozali si lanu nokha, pakuti chizolowezi chathu chakhala choti mphunzitsi amene wakhalitsa pasukulu, kapena amene ana ake amakhoza bwino, ndiye amapatsidwa uhedi, ngati kuti kudziwa kuphunzitsa ana kuwerenga n'chimodzimodzi ndi kudziwa kutsogolera akuluakulu anzako. Chizolowezichi chinakula kwambiri kuyambira mu 1994, pamene boma linathetsa fizi ku pulayimale ndipo chiwerengero cha ana chinakwera kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pa pafupifupi 3 miliyoni m'kanthawi kochepa. Sukulu zinachuluka, aphunzitsi analembedwa mwachangu, ndipo sukulu iliyonse inkafunika munthu wosunga makiyi, kaya wakonzekeretsedwa kaya ayi.

Ndiyambe ndi ndalama, osati chifukwa ndiye nkhani yaikulu, koma chifukwa ndi imene ingakugwetseni msanga. Sabata ino itanani wachiwiri wanu, apampando ndi msungichuma wa komiti, ndipo muwerenge limodzi chilichonse chimene chili pasukulupo: madesiki, mabuku, choko, malata otsala, komanso ndalama zimene zili kubanki. Lembani zonse papepala, aliyense asainepo, ndipo kope limodzi lipite kwa a PEA, amene ndi mlangizi wa zamaphunziro woyang'anira sukulu za pulayimale za m'zoni yanu. Mukatero mwaika malire pakati pa zimene zinachitika inu musanalowe ndi zimene mudzayankhe nokha. Thandizo la ndalama limene boma limatumiza kusukulu za pulayimale, lija timangoti SIG, limayenera kugwiritsidwa ntchito motsatira pulani ya chitukuko cha sukulu imene aphunzitsi, makolo ndi a komiti anagwirizana, choncho musasainire cheke cha chinthu chimene mulibe m'pulanimo, ngakhale wokupemphaniyo akhale munthu wolemekezeka motani. Ndalama zikabwera, lembani kuchuluka kwake pa pepala lalikulu n'kulimata panja pa ofesi, ndipo zikagwira ntchito lembaninso chomwe zagula. Mphekesera sizikhalitsa pamalo pamene aliyense angathe kudziwerengera yekha.

Tsopano pa nkhani yeniyeni. Ofesi idzafuna kukumezani, chifukwa mafomu sadzatha, alendo sadzatha, milandu ya mbuzi zolowa m'munda wa sukulu nayo siidzatha. Koma mphunzitsi wamkulu alipo n'cholinga choti ana aphunzire, ndipo chilichonse chimene mukuchita muzichiyesa ndi muyeso umenewo. Mukafuna kudziwa mtima wa ahedi pasukulu iliyonse, musafunse zambiri, ingoonani amene amuika ku Sitandade 1. Ambiri a ife tinkatenga aphunzitsi amphamvu onse n'kuwaunjika ku Sitandade 8, popeza zotsatira za mayeso a PSLCE ndi zimene anthu amationera, kwinaku kalasi ya ana oyamba, yomwe nthawi zambiri imaposa kutali ana 60 amene boma limafuna pa mphunzitsi mmodzi, tikuisiyira munthu mmodzi wotopa pansi pa mtengo. Inenso ndinachitapo zimenezi, ndipo ndinazindikira kulakwa kwanga tsiku lina nditaitana mnyamata wa Sitandade 5 kuti andiwerengere kalata yochokera kwa bambo ake. Anagwira pepalalo ndi manja awiri, n'kumayendetsa milomo osatulutsa mawu, kenaka misozi inayamba kugwera pa pepalapo. Mwana ameneyo anali atakhala pasukulu yanga zaka zisanu, ndipo ine ndinali ndisanakhalepo m'kalasi mwake ngakhale phunziro limodzi. Teremu yotsatira ndinasamutsira mphunzitsi wanga wodalirika ku Sitandade 1, ndipo anthu anadandaula, koma sindinabwerere m'mbuyo.

Inu mwaphunzitsa makalasi aang'ono kwa zaka zambiri, ndiye muli ndi diso limene ahedi ambiri alibe. Musasiye kuphunzitsa. Tengani phunziro limodzi kapena awiri pa tsiku, ndipo masikimu ndi mapulani anu a phunziro akhale oyamba kuonedwa ndi wachiwiri wanu, kuti pamene mukupempha a anzanu pasakhale wonena kuti mukulamula zimene inu simuchita. Musanayambe kulowa m'makalasi a ena, aitaneni iwo adzaonerere phunziro lanu ndipo akuuzeni pamene mwaphonya. Mukadzalowa mwa iwo, khalani kumbuyo mpaka phunziro lithe, muziyang'ana kwambiri ana kuposa mphunzitsi, ndipo pokambirana mutchule chinthu chimodzi chabwino ndi chimodzi chokha chofunika kukonza. Mphunzitsi akaona kuti mwabwera kudzamuthandiza, osati kudzamusaka, chitseko amatsegula yekha.

Za abambo awiriwo, sindikubisirani kuti mbali ina ya kuseka kwawoko ndi yoti ndinu mayi ndiponso munawapeza pantchito. Zimenezo simungazithetse ndi mkangano, ndipo musayerekeze kuwadzudzula pamaso pa anzawo kapena pa ana. Buku losainira nthawi yofika likhale patebulo panu, inu mukhale woyamba kusaina, ndipo nthawi yoyambira ikakwana jambulani mzere pansi pa dzina lomaliza, tsiku lililonse, mosayang'ana nkhope. Pakatha sabata ziwiri itanani aliyense payekha, mum'patse mpando, mum'sonyeze bukulo ndi kumufunsa chimene chikumuchedwetsa. Mwina mudzapeza kuti wina amapalasa njinga mtunda wautali chifukwa pasukulupo palibe nyumba, ndipo zikatero mungathe kusintha ndondomeko ya maphunziro kuti ana asamakhale okha m'mawa. Mwinanso mudzapeza kuti ndi kuwawidwa mtima chabe chifukwa ankayembekezera udindowo. Munthu wotero m'patseni gawo lenileni loti aliyang'anire, monga mayeso kapena makalasi akuluakulu, ndipo muzimufunsa nzeru moona mtima, pakuti zaka zake pantchito si zachabe. Zikakanika, pali njira yake: chenjezo la pakamwa lolembedwa m'buku la zochitika pasukulu, kenaka chenjezo la kalata, kenaka nkhaniyo ipite kwa a PEA. Inu mulibe mphamvu yochotsa munthu ntchito, koma muli ndi udindo wolemba zoona.

Musayende nokha. Mazoni ndi malo ophunzitsirana aphunzitsi aja timati ma TDC anakhazikitsidwa n'cholinga choti sukulu zoyandikana zizithandizana, ndiye pemphani a PEA kuti akulozereni mphunzitsi wamkulu wina wodziwa ntchito amene mungamamuyendere, n'kuona mmene amasungira mabuku ake ndi mmene amachititsira msonkhano wa aphunzitsi. Apempheninso buku la miyezo ya maphunziro imene unduna unatulutsa mu 2015. Miyezoyo ilipo 26, ndipo ina mwa iyo imafotokoza mwachindunji zimene oyendera sukulu amayembekezera kwa mtsogoleri. Muiwerenge pamodzi ndi wachiwiri wanu, musankhepo iwiri kapena itatu yoti muigwirire ntchito chaka chino. Chinanso, ngati anangokuuzani pakamwa kuti mugwirizire, pemphani kalata, chifukwa si bwino kusenza udindo wa ndalama ndi wa anthu popanda chikalata chokuikani pamenepo.

Mundilole ndilankhuleko kwa akuluakulu amene amawerenga tsamba lino. Zomba ndi boma lodala pa zamaphunziro: ku Domasi kuli Malawi Institute of Education ndi Domasi College of Education, m'tauni muli University of Malawi komanso likulu la MANEB. Khumbo langa ndi loti m'boma lokhala ndi nzeru zochuluka chonchi pasapezeke mphunzitsi wolandira makiyi a sukulu asanaphunzitsidwe za kasungidwe ka ndalama, kayang'aniridwe ka maphunziro ndi kathetsedwe ka mikangano, ndiponso kuti chaka chake choyamba akhale ndi womuyendera. Maphunziro a masiku atatu m'holo amathandiza, koma munthu amaphunzira uhedi pamene wina wakhala naye m'ofesi mwake, pa mavuto ake enieni.

FUNSO: Ndine wapampando wa komiti yoyendetsa sukulu kudera la Chingale. Ana ambiri amajomba pa masiku a msika, ndipo ena amachedwa kuyamba teremu chifukwa cha zinamwali. Tikafunsa, ahedi amati zimenezo ndi za aphunzitsi, ntchito yathu ndi kuumba njerwa ndi kututa mchenga. Kodi n'zoona? (Wapampando wodandaula)

YANKHO: Bambo, njerwa ndi zofunika, koma komiti siinakhazikitsidwe chifukwa cha njerwa zokha. Inu mumaimirira eni sukulu, ndipo muli ndi ufulu wodziwa ana amene alembetsa, amene akujomba, amene asiya, mmene mayeso akhalira ndi mmene ndalama zayendera. Malire ake ndi awa: simulowa m'kalasi kukaweruza kaphunzitsidwe, ndipo simukalipira mphunzitsi pabwalo. Mukaona cholakwika mumauza ahedi, ndipo iwo akapanda kuchitapo kanthu mumakaonana ndi a PEA.

Komabe ndikupempheni muganizire chimene chimachititsa ahedi ena kuyankha chomwecho. Ambiri anazolowera kuona komiti ikubwera pokhapokha pakakhala mlandu, kotero akangomva kuti apampando afika amayamba kudziteteza. Yesani kupita ndi thandizo m'manja. Kujomba kwa pa tsiku la msika sikungathetsedwe ndi mphunzitsi amene ali m'kalasi, koma ndi inu amene mukudziwa khomo la mwana aliyense. Pemphani mayina a ana ojombajomba, muwagawane ndi a bungwe la makolo ndi aphunzitsi komanso gulu la amayi, ndipo muyendere makomowo. Za zinamwali, kakhaleni pansi ndi mafumu, angaliba ndi anankungwi nthawi ya tchuthi isanafike, muwasonyeze tsiku lotsegulira sukulu, kuti ana atuluke kusimba nthawi ikadalipo. Mwambo suletsedwa, chimene chikupemphedwa ndi kugwirizana pa masiku. Kumbukiraninso kuti kuyambira mu 1993 ndondomeko ya boma imalola mtsikana amene anasiya sukulu chifukwa cha mimba kubwereranso akabereka. Ahedi akalandira mtsikana wotero, makolo ena amadandaula, ndipo apo ndi pamene mawu a apampando pamsonkhano amalemera kuposa a mphunzitsi aliyense.

Namondwe wa Freddy atagwa mu Malichi 2023, makalasi ambiri m'chigawo chakummwera anasanduka malo ogona anthu amene nyumba zawo zinagwa. Pa nthawi yotero mphunzitsi wamkulu sangathe yekha kusamalira mabuku ndi madesiki, kukonza zimbudzi ndi kukambirana ndi anthu za tsiku lobwezera makalasi kwa ana. Ubale wa komiti ndi ahedi umene udzafunike tsiku limenelo umayamba ndi misonkhano ing'onoing'ono ya teremu iliyonse, yokhala ndi mfundo zolembedwa ndi tsiku lodzaonanso zimene munagwirizana.

FUNSO: Ndangoyamba kumene kuphunzitsa mumzinda wa Zomba ndipo ndimalakalaka nditadzakhala mphunzitsi wamkulu. Ndichite chiyani panopa? (Mphunzitsi wachinyamata)

YANKHO: Mwanawe, khumbo limeneli ndi labwino ndipo usachite nalo manyazi. Yamba ndi kalasi yako, chifukwa aphunzitsi savomera kutsogoleredwa ndi munthu amene ana ake sadziwa kuwerenga. Ukapatsidwa kaudindo kakang'ono, kaya kosunga mabuku, koyang'anira phala kapena kolemba mfundo za msonkhano, kagwire mokhulupirika ndipo uzisunga kaundula wake mwaukhondo. Upemphe ahedi ako kuti uzikhala nawo pamene akukonza ndondomeko ya maphunziro ndi pulani ya chitukuko cha sukulu, ndipo uphunzitseko makalasi aang'ono ndi aakulu omwe, kuti udzamvetse mavuto a mbali zonse. Ngati satifiketi yako ya MSCE ili ndi magiredi okulola, uzitchera khutu pamene makoleji a zauphunzitsi ndi mayunivesite alengeza malo a dipuloma kapena digiri, ndipo mapepala ako akhale okonzeka nthawi yofunsira isanakwane.