Alamu, za mpira wa mwanayo mverani kuno

Alamu, mwaswera bwanji ku Mchengautuwako? Uthenga wanu uja ndaumvera pagulu lathuli. Mwati aphunzitsi akuti mtsikana wanu wa Sitandade 7 ali ndi luso la mpira, akufuna azikasewera ndi timu ya atsikana akaweruka, koma achimwene akukana, akuti masewera ndi a ana a mabwana, ife amphawi n'kungotaya nthawi. Ndiye mwafunsa maganizo anga. Ndati ndiyankhe ndi pakamwa, nkhaniyi ndi yaitali.

Achimwene sakunama kwenikweni, eya, pena akunena zoona. Masewera ena amasankhadi thumba. Tayang'anani gofu. Bwalo lake lilipo mommuno mu Mzuzu, koma mwana wa ku Masasa kapena ku Chibavi akapondapo, nthawi zambiri amakhala wanyamula chikwama cha ndodo za bwana, osati akusewera yekha. Kusambira nakonso. Ana a ku Nkhata Bay amabadwira m'madzi, koma mpikisano umachitikira m'maiwe omanga, ndipo maiwe otero mumawapeza kumahotela ndi kusukulu zolipira ndalama zambiri. Mwana wa msodzi alowa bwanji?

Koma mpira wamiyendo ndi ntchemberembaye ndi zathu, alamu. Poyambira sipafuna ndalama. Majumbo angapo, chingwe, chikulunga chatheka, miyala iwiri ndi golo. Vuto limabwera mwana akamakula. Pamenepo ndi pomwe ndikufuna mundimvetse bwino.

Ine ndimaima pabwalo la sukulu masana, ndimaona. Ana awiri aluso lofanana. Wina wabwera wadya nsima kunyumba, jombo kumapazi, botolo la madzi m'manja. Mnzakeyo wamwa tiyi wopanda chomwera m'mawa, basi, akuthamanga ndi mapazi okhaokha pa nthaka yathu yofiirayi, mvula ya kuno mukuidziwa, kuterera kwake. Theka loyamba amawazunguza onse, koma lachiwiri miyendo yalema, wagwira m'chiuno, ndiye woonera amati mwanayu ndi waulesi. Si ulesi ayi, ndi njala. Akamupondanso chala ndi jombo, sabata yonse sabwera. Kenako kumabwera za ulendo, akuti timu ikukasewera ku Ekwendeni kapena ku Rumphi, aliyense asonkhe ya thiransipoti. Amene makolo ake alibe amatsala, ndipo tsiku limenelo ndi lomwe oona luso abwera. Matimu akuluakulu ngati Bullets, Wanderers ndi Silver ali ku Blantyre ndi ku Lilongwe, ndiye mwana wa kumpoto kuno kuti aonekere, msewu wake ndi wautali kale.

Tsono kwa mtsikana pali chinanso chimene sitimachiwerengera ngati ndalama, nthawi. Kunyumba kwa bwana kuli wantchito, mwana akaweruka amangosintha zovala, ulendo ku bwalo. Kwathu kuno akaweruka ndi kukatunga madzi, kutsuka mbale, kubereka khanda, kukakhala pa benchi ya tomato mayi akapita kokapikula. Mchimwene wake ali ku mpira mpaka mdima, palibe womufunsa. Atsikana ambiri aluso amene ndawaona akusiya, sanasiye chifukwa cha jombo, anasiyira pa mtondo ndi pa mpopi. Zimandipweteka kwambiri zimenezi.

Achimwene muwakumbutse za ana a kwa Chawinga, a ku Rumphi konkuno. Tabitha anayamba kusewera ndi anyamata kumudzi, kenako anapita ku Lilongwe ku timu ya DD Sunshine, mu 2014 n'kuwolokera ku Sweden. Mu 2023 ndi amene anagoletsa zigoli zambiri mu ligi ya amayi ya ku Italy ali ku Inter Milan. Mng'ono wake Temwa mu 2024 anamwetsa zigoli 20 ku Kansas City Current, n'kusankhidwa katswiri woposa onse mu ligi ya ku America. Mwawi Kumwenda wa ku Mzimba naye anasankhidwa wosewera bwino koposa pa mpikisano wa dziko lonse wa ntchemberembaye ku Sydney mu 2015. Sindikuti wathuyu akafika kumeneko, ayi, ofika kumeneko ndi ochepa zedi. Koma onani kuti Tabitha anachita kuchoka kwawo, panapezeka anthu omulandira ndi kumusunga. Luso lokha silinamukweze basi ya ku Lilongwe.

Ndiye ine ndikuti mumulole. Sukulu isaime, zimenezo tigwirizane, mayeso a Sitandade 8 ali pafupi, ndipo akayamba kutsika m'kalasi tikhala naye pansi. Koma masiku ophunzira mpira mumumasule ku ntchito zapakhomo, mnyamata uja atunge madzi, manja ali nawo. Asapite ku bwalo ndi mimba yopanda kanthu, ngakhale mbatata yophika kapena nthochi ziwiri. Mukaonanenso ndi amene akuphunzitsa timuyo, mumudziwe nkhope, mudziwe kuti amaweruka nthawi yanji ndipo amabwerera ndi ndani, mwana wamkazi sitimangomupereka kwa munthu amene sitikumudziwa.

Za jombo musade nkhawa. Loweruka ndilowa mumsika ndikafufuze pa kaunjika, ndipo azakhali ndi amalume amene mukumvera muli chete pagulu pano, ya thiransipoti tizisonkherana. Alamu, mundiuze saizi imene amavala, ndipo achimwene akafika madzulo muwauze andiimbire.