Kodi mabakiteriya angayeretse nyanja yathu mafuta atatayikamo?

Bambo wina wa ku Monkey Bay, mwini boti la injini, wanditumizira imelo. Akuti anamva kuti kuli tizilombo todya mafuta a pansi, ndiye akufunsa kuti: "Nanga tikuopa chiyani kukumba mafuta m'nyanja muno? Akatayika, si tizilomboto tidya?"

Zomwe munamvazo n'zoona, bambo, kungoti sanakuuzeni zonse.

Mabakiteriya amapezekadi ngakhale m'mafuta osayenga momwemo. Mu 2014 asayansi analengeza kuti apeza ena amoyo m'timadontho ta madzi totsekeredwa m'phula la ku Pitch Lake, ku Trinidad. Ena a m'zitsime za mafuta amatulutsa mpweya wonunkha ngati dzira lowola ndipo amawononga mapaipi, moti makampani sawafuna n'komwe. Koma wotchuka pa ntchito yoyeretsa ndi Alcanivorax borkumensis, yemwe anadziwika mu 1998. M'madzi oyera sapezeka wambiri. Mafuta akangotayika amaswana kwadzaoneni, n'kutulutsa zinthu zomwaza mafutawo kuti akhale timadontho ting'onoting'ono, kenaka n'kumadya. Komatu ameneyu ndi wa m'nyanja zamchere. Kuno ingakhale ntchito ya magulu ena monga Pseudomonas ndi Rhodococcus, omwe amapezeka m'dothi ndi m'madzi opanda mchere.

Vuto lagona pa kadyedwe kawo. Kwa iwo mafuta ali ngati nsima yopanda ndiwo: akhuta nawo bwanji popanda nayitrojeni ndi fosiforasi, michere yomwe imapezeka mu feteleza? N'chifukwa chake sitima ya Exxon Valdez itataya mafuta ku Alaska mu 1989, akatswiri anathira feteleza m'magombe, ndipo mafuta anayambadi kutha mofulumirirapo. Komabe patatha zaka zoposa 20 mafuta ena anali akupezekabe pansi pa miyala, pomwe mpweya sufika. Popanda okosijeni, mabakiteriya amadya mafuta pang'onopang'ono zedi.

Ganizirani tsono nyanja yathu. Pena ndi yakuya mamita pafupifupi 700, koma mukatsika kupitirira mamita 250 madzi ake alibe okosijeni. Potulukira ndi pamodzi pokha, mtsinje wa Shire womwe timawoloka pa mlatho kuno ku Mangochi, ndipo madzi ambiri amachoka pouma ndi dzuwa, zonyansa n'kutsalira momwemo. Anthu amakonda kutchula za ngozi ya Deepwater Horizon mu 2010, pomwe chitsime cha pansi pa nyanja chinaphulika n'kutaya mafuta, kuti mabakiteriya anathandiza kwambiri ku Gulf of Mexico. Inde, koma kumeneko mafuta amatuluka okha pansi pa nyanja kuyambira kalekale, choncho odya ake analipo kale ambiri, komanso madzi ake amasakanikirana ndi a nyanja yaikulu.

Ndiye pali nkhani ya nthawi. Mafuta opepuka amapha mazira ndi ana a nsomba m'masiku ochepa, pamene mabakiteriya amafuna masabata kapena miyezi, ndipo phula lolemera limatenga zaka. Chambo chomwe chimaswana pamchenga kosaya, kapena mbuna za m'miyala ya ku Cape Maclear, sizingadikire zimenezo. Ku Ogoniland ku Nigeria, bungwe la United Nations loona za chilengedwe la UNEP linati mu 2011 kukonza malo oipitsidwa kungatenge zaka 25 mpaka 30. M'chaka chomwecho boma lathu linapatsa kampani ya Surestream chilolezo chofufuza mafuta m'nyanjayi. Ine wina akamanditsimikizira kuti tizilombo tidzakonza zonse, ndimafuna andiuze kaye kuti asodzi adzadya chiyani podikira.

Pomwe njirayi ingakuthandizeni inuyo ndi padothi lakuda lija pomwe mumasinthira oyilo wa injini. Lifukuleni, mulisamutsire kutali ndi madzi, musakanize ndi zitosi za nkhuku, muzilitembenuza ndi kuliwaza madzi kuti lizikhala lachinyezi, osati matope. Pakapita miyezi fungo limachepa. Musadzalepo ndiwo zamasamba, chifukwa oyilo wakale amakhala ndi tizitsulo tomwe mabakiteriya sadya. Oyilo amene mukhetse ulendo wotsatira alowe m'chigubu, osati mumchenga.