Madamu andipepesa, kodi ndiwayankhe bwanji?

FUNSO

Bambo, ndine mayi wa ana atatu. Kwathu ndi ku Mangochi koma ndimagwira ntchito ya m'nyumba ku Johannesburg, kwa banja la Chiyuda, ndipo chino ndi chaka changa chachiwiri. Sabata yatha ndikusita zovala, madamu anaima pakhomo n'kunena kuti ngati anandilakwira kalikonse chaka chino, ndiwakhululukire. Ine ndinangoseka n'kuti palibe vuto. Koma kunena zoona vuto lilipo. Pa Pasika wawo ndinagwira masiku anayi mpaka usiku, kukwecha khitchini yonse, sanandiwonjezere ngakhale randi imodzi. Komanso abwana akumalawirira mdima ulipo kupita ku shul, nyumba yawo yopemphereramo, ndipo mwana wawo akumaliza nyanga kuseri kwa nyumba. Kodi m'banjamu muli matenda, kapena akukonza zondichotsa?

Wowerenga, Johannesburg

YANKHO

Mayi, mtima ukhale pansi. Pa zimene mwalembazi sindikuonapo matenda kapena kuchotsedwa ntchito. Kalata yanu ndaidumphitsa mzere chifukwa nkhani yake ili ndi tsiku lothera.

Banja lanulo lili m'mwezi umene Ayuda amautcha Elul, womaliza chaka chawo chisanatembenuke. Uli ndi masiku 29 ndipo umagwa cha mu Ogasiti ndi Seputembala. Ukatha pamabwera Rosh Hashanah, chaka chatsopano, kenaka pa tsiku lakhumi Yom Kippur, lija Baibulo lanu limalitcha tsiku la chitetezo pa Levitiko 16 ndi 23. Kuyambira pa 1 Elul kufika pamenepo ndi masiku pafupifupi 40, ndipo aphunzitsi awo amati ndi masiku omwe Mose anakhala paphiri kupepesera anthu atapembedza mwanawang'ombe wagolide. Nyanga ija ndi shofar, ya nkhosa yamphongo, imalizidwa m'mawa uliwonse wa mweziwu kupatula pa Sabata ndi tsiku lomaliza, kudzutsa anthu kuti adzifufuze. Mwanayo akungophunzira, mupirire phokosolo. Abwana akulawirira ku mapemphero opempha chikhululukiro otchedwa Selichot. Ayuda ambiri a ku Johannesburg makolo awo anachokera ku Lithuania, ndipo mwambo wawo ndi woyamba mapempherowa kutatsala masiku ochepa kuti chaka chithe. Choncho mwatsala ndi masabata awiri kapena kuposerapo pang'ono kuti Yom Kippur ifike.

Tsono tibwere pa madamu, chifukwa pagona nkhani ndi pamenepa.

M'buku lawo la malamulo lotchedwa Mishnah, lomwe linasonkhanitsidwa cha m'ma 200, muli chiphunzitso chimene ine nditachimva koyamba ndinakhala chete kanthawi. Chimati Yom Kippur imafafaniza zimene munthu walakwira Mulungu, koma zimene walakwira munthu mnzake siifafaniza kufikira atapita kwa mnzakeyo kukamupepesa. Munthu atha kusala maola 25 osalawa ngakhale dontho la madzi, atavala zoyera, atavula nsapato zachikopa, koma ngati anadya ndalama ya wantchito wake, ngongoleyo ili pomwepo. Maimonides, mphunzitsi wawo wamkulu amene anamwalira ku Egypt mu 1204, anawonjezera kuti kubweza ndalama pakokha sikukwana, ayeneranso kupepesa. Wolakwiridwayo akakana, wolakwa abwerenso ndi anzake atatu, mpaka katatu. Akakanabe pamenepo, mlandu umasamukira kwa wokanayo.

Ndiye mukuona kuti madamu sanaime pakhomo paja pofuna kucheza. Anabwera kudzapempha chinthu chimene, malinga ndi chikhulupiriro chawo, ndi inu nokha mungawapatse. Inu munawapatsa "palibe vuto" wapakamwa, m'mimba muli chotupa. Sindikukudzudzulani. Ifeyo tinaleredwa kuti wamkulu akatsika kudzakupepesa, umagwetsa maso n'kunena kuti zatha. Inenso ndinachitapo zimenezi kwa mlamu wanga amene anandibwereka njinga n'kuibweza felemu itapindika. Ndinati zatha, koma kwa zaka zitatu ndinkati ndikamuona pa maliro ndimakhala mbali ina ya msasa. Mwanjira yomweyo, madamu mwawasiya akuganiza kuti ayera, pamene inu tsiku lililonse mukuwerengabe masiku anayi aja.

Za malipiro lamulo lawo silizungulira. Deuteronomo 24:14-15 imaletsa kupondereza wantchito waumphawi, kaya ndi m'bale kaya ndi mlendo wokhala m'dziko, ndipo imati alipidwe dzuwa lisanalowe. Mlendoyo ndinu, mayi.

Pali chinanso chimene chingakuthandizeni kumvetsa nyengoyi. Ayuda ali ndi mawu a mu Talmud, buku lawo lalikulu la ziphunzitso, akuti kol Yisrael arevim zeh bazeh, kutanthauza kuti Aisraeli onse ndi oimirana. Liwu lakuti arev ndi la pa ngongole, munthu amene amavomera kuti mnzake akalephera kubweza, agwidwe ndi iye. Amene munakhalapo mu banki m'khonde mukudziwa mmene zimawawira mmodzi akathawa ndi ndalama, gulu lonse n'kusonkha. N'chifukwa chake pa Yom Kippur saulula machimo ponena kuti ndalakwa. Amati talakwa, tachita zachinyengo, taba, tanena miseche, aliyense akudziguguda pachifuwa, ngakhale amene sanabepo nkhuku. Akale awo ankasimba za anthu amene anali m'bwato, mmodzi n'kuyamba kuboola pansi pa mpando wake. Anzake atakuwa, iye anati vuto lanu n'chiyani, si pamalo panga apa? Inu a ku Mangochi simufunika kukufotokozerani kumene madziwo akathere. Ndinene mosabisa kuti mawu a kuimirana akunena za Ayuda okhaokha, koma amachititsa kuti kusalipira wantchito kusakhale nkhani ya m'nyumba imodzi. Ndipo pa Sabata lomaliza la chaka amawerenga Deuteronomo 29, pamene Mose akuimiritsa anthu onse pamaso pa Mulungu, kuyambira atsogoleri mpaka mlendo, wotema nkhuni ndi wotunga madzi.

Sikuti aliyense amene amapepesa m'nyengoyi amatero ndi mtima wonse. Ena amangokwaniritsa mwambo, monga ifenso timagwirana chanza m'tchalitchi ndi munthu amene sitimulankhula kumsika. Za madamu anu mudziwa mukawauza.

Musadikire tsiku lenilenilo. Rosh Hashanah ikayandikira khitchini idzadzaza ndi maapozi, uchi ndi buledi wozungulira, alendo ali pikitipikiti, ndipo pa masiku a chikondwerero Ayuda osunga mwambo sagwira ndalama. Pa Yom Kippur adzakhala ku shul kuyambira madzulo, kenaka tsiku lonse mpaka nyenyezi zitatuluka, ndipo tsiku limenelo musawapatse ngakhale tiyi. Sankhani m'mawa wa pakati pa sabata, ana atapita kusukulu. Lembani masiku anayi aja pakapepala, ndi maola ake ngati mukuwakumbukira. Musayambe ndi mavesi, amawadziwa kuposa inu ndi ine. Ingonenani kuti: madamu, tsiku lija munandifunsa ndinayankha mwamanyazi, koma chilipo chimodzi chimene chinandiwawa. Kenaka muwapatse kapepalako, mukhale chete, alankhule ndi iwo.

Akalipira n'kupepesa, akhululukireni zenizeni, pakuti Maimonides yemwe uja anati wopepesedwa asakhale wouma mtima. Ndipo ngati nanunso pali mbale imene inasweka mu Juni n'kukathera pansi pa bini osanena, nthawi yake ndi yomweyo. Mundilemberenso kuti zinatha bwanji.